Za Mpingo wa ku Chishawasha ndi Akhristu a m'Mapulazi a ku Goromonzi

Munthu akatuluka mumzinda wa Harare, umene kale unkatchedwa Salisbury, nalunjika kum'mawa pa njira ya ku Arcturus, atayenda mamailosi ngati 15 afika m'chigwa chozingidwa ndi timapiri ta miyala. M'chigwamo muli tchalitchi chachikulu cha njerwa, masukulu, nyumba za ansembe ndi za asisitere, manda akale, ndi midzi ya anthu. Malo amenewa ndiwo Chishawasha, m'boma la Goromonzi, misyoni yakale ya Akatolika m'dziko la Mashonaland. Ambiri a owerenga athu akhala m'nyumba za eni ntchito kapena za eni mzinda, ndipo adziwa bwino kuti ntchito ikatha nyumbanso yatha. Chifukwa chake mbiri ya mpingo uwu iwakhudza, pakuti isonyeza chimene chichitika ndi chikhristu cha munthu wokhala pa malo a eni, pamene mwini malo asintha mtima kapena malowo achoka m'manja mwake.

CHIYAMBI CHA MISYONI

M'chaka cha 1890 gulu la Azungu la Kampani ya Cecil Rhodes linalowa m'Mashonaland, ndipo wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Bambo Andrew Hartmann, anayenda nalo monga mbusa wa asilikali. Pothokoza thandizo la Ajezuiti, Kampaniyo inawapatsa munda waukulu ndithu, wa maekala zikwi zambiri. Dziko limenelo Ashawasha, anthu a Mfumu Chinamhora, ankaliyesa lawo, koma pa pepala la Kampani linalembedwa kuti ndi la ansembe. M'chaka cha 1892 Bambo Francis Richartz anafika pamalopo pamodzi ndi anzake, ambiri a iwo ochokera ku Germany, nayamba kuumba njerwa, kulima ndi kuitana ana ku sukulu.

Zaka zoyambazo anthu sanalabadire. Makolo sanaone chifukwa chotumizira ana awo kwa alendo amene anadza pamodzi ndi olanda dziko ndi okhometsa msonkho. Pamene nkhondo ya Chimurenga inabuka m'mwezi wa June 1896, misyoni inathiridwa nkhondo ndi anthu oyandikana nayo, ndipo ansembe anapulumuka pothawitsidwa kumka ku Salisbury. Nkhondo itatha anabwerera. Ndi Bambo Richartz yemweyo amene anayendera m'ndende Kaguvi ndi Nehanda, olankhulira mizimu amene Boma linawaweruza kuti aphedwe m'mwezi wa April 1898. Kaguvi analola kubatizidwa asanapachikidwe, koma Nehanda anakana kufikira mapeto.

Anthu atagonja, mfuti zawo zitalandidwa ndi nkhokwe zawo zitatenthedwa, ana anayamba kudza ku sukulu ambiri. Asisitere a chipani cha Dominiko Woyera anafika m'chaka cha 1898 kudzaphunzitsa atsikana. Tchalitchi cha Ignasio Woyera chinatha kumangidwa m'chaka cha 1902. Bambo Edward Biehler anaphunzitsa anyamata kuimba malipenga, ndipo bandi ya ku Chishawasha inatchuka kotero kuti Azungu a ku Salisbury ankaiitana pa masiku awo aakulu. Wakuona zimenezi patali akadanena kuti ntchito yatheka. Koma chiyambi chake cha mpingo chinali pakati pa anthu ogonjetsedwa ndi anjala, okhala pa munda umene mwini wake ndiye ankawalalikira.

MIDZI YA AKHRISTU

Nzeru ya ansembe a masiku amenewo inali yakuti munthu wobatizidwa sangalimbe akabwerera pakati pa abale ake osabatizidwa. Ajezuiti anali atachitapo zotere kale ku Paraguay, ku South America, kumene anasonkhanitsa eni dziko m'midzi yawoyawo ya chikhristu. Choncho ku Chishawasha anamanga midzi yapadera, naitcha maina a malo a mbiri ya Ignasio Woyera, monga Loyola ndi Montserrat. Mnyamata ndi mtsikana akatsiriza sukulu nakwatirana m'tchalitchi, ankapatsidwa malo omangapo nyumba ndi munda m'mudzi wotere.

Maphunziro a chikhulupiriro anali olimba. Katekisimu ankaloweza pamtima, funso ndi yankho lake, tsiku ndi tsiku, ndipo munthu sankabatizidwa msanga asanayesedwe. Ana ankagawa tsiku pakati, theka m'kalasi ndi theka ku ntchito ya manja. Abulazala ankaphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusula zitsulo ndi kulima ndi ng'ombe, ndipo asisitere ankaphunzitsa kusoka, kuchapa ndi kusamala nyumba. Belu la tchalitchi ndilo linkagawa nthawi ya kudzuka, ya kupemphera ndi ya kuweruka.

Zabwino zake sizibisika. Anthu a pa misyoni anadziwa kulemba ndi kuwerenga pamene anzawo ambiri analibe sukulu, ndipo amisiri ophunzira pamenepo anapeza ntchito m'tauni. Atsikana othawa ukwati wokakamizidwa anapeza pobisala kwa asisitere. Komatu wansembe mmodzi yemweyo anali mphunzitsi, mwini munda ndi woweruza milandu. Wokhala pa mundawo anayenera kutumiza ana ake ku sukulu, Mkhristu sankaloledwa kutenga mitala kapena kuvina magule a mizimu, ndipo wophwanya malamulo akadatha kuuzidwa kuti asamuke. Tsono munthu akagwada m'tchalitchi pa Sabata, panalibe wodziwa ngati wadza chifukwa cha Mulungu kapena chifukwa cha munda wake wa chimanga. Ngakhale mwini wakeyo nthawi zina sakadatha kusiyanitsa.

Amene analongosola bwino za moyo umenewu ndiye Lawrence Vambe, wobadwira m'mudzi wa Mashonganyika ku Chishawasha komweko m'chaka cha 1917. Iye anaphunzira kwa ansembe, nayesako za unsembe, koma pambuyo pake anakhala mtolankhani, ndipo m'zaka za Chitaganya anali mkonzi wamkulu wa manyuzipepala a African Newspapers ku Salisbury. M'buku lake lotchedwa An Ill-Fated People, lotuluka m'chaka cha 1972, asimba za akulu a Ashawasha amene anaona ana awo alekanitsidwa nawo, banja limodzi ligawika pakati pa obatizidwa ndi osabatizidwa, ndi mudzi wa makolo ukutha mphamvu pang'onopang'ono pansi pa ulamuliro wa misyoni. Vambe anayamika maphunziro amene analandira, koma sanabise kuti mtengo wake unali wowawa. Anamwalira ku London m'chaka cha 2019 ali ndi zaka 102.

UDINDO UFIKA KWA ENI DZIKO

Kusintha kwenikweni kunadza pamene ntchito ya kuphunzitsa inayamba kulowa m'manja mwa anthu akuda. Oyamba anali aphunzitsi a katekisimu, amene ankakhala m'midzi ya kutali kumene wansembe ankafika kamodzikamodzi. Iwowa analibe munda woopsezera nawo munthu. Chida chawo chinali mawu ndi makhalidwe awo okha, ndipo wobatizidwa pansi pa mphunzitsi wotere ankakhalabe m'mudzi mwa makolo ake, nadya mbale imodzi ndi osabatizidwa.

Episkopi Aston Chichester, amene anakhala episkopi wa Akatolika a ku Salisbury m'chaka cha 1931, anaona kuti mpingo wodalira Azungu okha sudzazika mizu. M'chaka cha 1932 anayambitsa chipani cha asisitere achikuda, chodziwika ndi malemba akuti LCBL, ku misyoni ya Makumbi m'dziko la Chinamhora. Makolo ambiri anakana kolimba, popeza mwana wamkazi akakhala sisitere banja litaya ng'ombe za malowolo, koma atsikanawo anapirira. M'chaka cha 1936 Episkopi yemweyo anatsegula seminale ku Chishawasha, ndipo m'chaka cha 1947 Bambo Simon Tsuro ndi Bambo Isidore Chikore anadzozedwa unsembe, oyamba mwa anthu akuda ophunzira pamenepo. Kuchokera pa kufika kwa Bambo Richartz panali patapita zaka 55.

Chichester anamwalira ku Rome m'chaka cha 1962, msonkhano waukulu wa maepiskopi wotchedwa Vatican II utangoyamba. Msonkhano umenewo, umene unatha m'chaka cha 1965, unalola kuti Misa ichitike m'zinenero za anthu m'malo mwa Chilatini chokha. Ng'oma ndi maseche, zimene ansembe akale ankaziyesa zachikunja, zinalowa m'tchalitchi, ndipo nyimbo zinayamba kupekedwa m'maimbidwe a Chishona. M'chaka cha 1976 Patrick Chakaipa, wophunzira wa seminale ya ku Chishawasha ndiponso mlembi wa mabuku a nthano za Chishona, anakhala Arkiepiskopi woyamba wachikuda wa ku Salisbury, nakhala pa mpandowo kufikira imfa yake m'chaka cha 2003.

ANYASA A M'MAKOMBONI

Kunja kwa malire a misyoni kunali mapulazi a Azungu ndi migodi, monga mgodi wa golide wa ku Arcturus. Lamulo logawa malo la chaka cha 1930 linapereka nthaka yabwino ya chigawochi kwa Azungu, ndipo fodya atakwera mtengo nkhondo yachiwiri itatha, mapulaziwo anafuna manja ambiri. Eni dziko sankakonda ntchito ya pa pulazi chifukwa cha kuchepa kwa malipiro, chotero antchito ambiri anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku dziko la Apwitikizi. Ena anadza pansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi, makamaka m'zaka za Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963.

Anthu awa analibe mudzi wa Akhristu, analibe munda, analibe belu. Nyumba yawo inali ya m'komboni, chakudya chawo chinali phoso, ndipo masiku awo ankawerengedwa pa tikiti. Pa nyengo yowotcha fodya moto wa m'mabalani suzima usiku kapena pa Sabata, kotero munthu akadatha miyezi osaona khomo la tchalitchi. Sukulu kapena nyumba yopemphereramo inkamangidwa pokhapokha bwana atalola, ndipo ngakhale wansembe kapena mbusa sankalowa pa pulazi popanda chilolezo cha mwini wake.

Koma ambiri a iwo anafika ali Akhristu kale. Akatolika ochokera ku Mua, ku Likuni, ku Bembeke kapena ku Kachebere anali atapyola m'maphunziro a ubatizo a Ansembe Oyera, amene ankatha zaka 4, ndipo katekisimu anali nayo pamtima. A mpingo wa Nkhoma anadza ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, ndi buku la nyimbo, ndi kalata ya mpingo yosonyeza kuti munthuyo ali wa mgonero kapena wa kalasi. Kalata imeneyo inkasungidwa mosamala pamodzi ndi chitupa. Chifukwa cha pempho la anthu otere, Mbusa T. C. B. Vlok anatumizidwa ku Salisbury m'chaka cha 1912 kukaweta Anyasa, ndipo alaliki ankayenda m'mapulazi ndi m'migodi kusonkhanitsa nkhosa zobalalika. Ntchito imeneyo inakula kufikira m'chaka cha 1965, pamene inakhala Sinodi payokha mu mpingo wa CCAP, imene lero itchedwa Sinodi ya Harare.

Mpingo wa pa pulazi unali wa anthu ochepa osonkhana pansi pa mtengo kapena m'shedi ya fodya. Wodziwa kuwerenga ndiye ankatsogolera mapemphero, naphunzitsa ana ndi akulu madzulo ataweruka, nalemba maina a oyembekeza ubatizo kuti wansembe kapena mbusa akadza apeze zonse zili m'malo. Amayi ankayendera odwala ndi kuthandiza obereka. Chachikulu koposa chinali maliro. Munthu wa kutali akamwalira panalibe mwini mbumba, panalibe adzukulu a kwawo, ndipo chinthu chimene mtchona ankachiopa kuposa njala chinali kuikidwa ngati chinyama. Chifukwa chake anakhazikitsa mabungwe a maliro, osonkha ndalama mwezi ndi mwezi zogulira bokosi, nsalu ndi ufa. M'makomboni omwewo munalinso Gule Wamkulu ndi Asilamu a Chiyao, ndipo ngakhale mipingo inkaletsa anthu ake kulowa ku dambwe, pa tsiku la maliro onse ankakumba manda amodzi, pakuti onse anali alendo.

Tikayerekeza awiriwa tiona chinthu chodabwitsa. Mkhristu wa pa munda wa misyoni anali nazo zonse zothandiza chikhulupiriro, koma zinali m'manja mwa wina. Mkhristu wa m'komboni analibe kanthu, koma chaching'ono chimene anali nacho chinali chake, ndipo akachotsedwa ntchito ankachinyamula kumka nacho ku pulazi ina.

NYUMBA YA SILVEIRA

Ajezuiti eni ake anazindikira kuti nthawi ya kulamulira midzi yatha. M'chaka cha 1962 anatsegula sukulu ya sekondale ya St Ignatius College pa phiri la ku Chishawasha, ndipo m'chaka cha 1964 Bambo John Dove anayambitsa Silveira House, yotchedwa dzina la Gonçalo da Silveira, wansembe wa Chipwitikizi amene anaphedwa ku bwalo la Mwene Mutapa m'chaka cha 1561. Cholinga cha nyumbayi chinali kuphunzitsa anthu wamba kutsogolera anzawo. Kumeneko kunkadza atsogoleri a mabungwe a antchito kudzaphunzira kusunga mabuku a ndalama, kuyendetsa msonkhano ndi kukambirana ndi olemba ntchito. Kunkadzanso achinyamata, amayi ndi alimi a m'midzi.

Kwa alimi njira yake inali ya magulu. Mabanja oyandikana ankagwirizana kulima pamodzi monga mwa mwambo wakale umene Ashona autcha nhimbe, wofanana ndi dima ya kwathu, ndipo gulu linkalandira ngongole ya mbewu ndi feteleza nilibweza litakolola. Wobweza mochedwa ankadzudzulidwa ndi anzake a m'gulu, amene ankakumana naye pa chitsime ndi pa mapemphero. Apa chiphunzitso cha kukonda mnansi chinayesedwa pa thumba la chimanga, ndipo mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga unaoneka tanthauzo lake.

M'maparishi a Akatolika a m'Zimbabwe mphamvu yambiri ili m'mabungwe amene Ashona awatcha zvita, monga la Maria, la Anna Woyera ndi la Yosefe Woyera, lililonse ndi yunifolomu yake ndi tsiku lake losonkhana, monga achitira amayi a Chigwirizano kapena a Mvano kwathu. Palinso timagulu ta mabanja oyandikana, tofanana ndi miphakati imene inakhazikika ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, pamene Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anailimbikitsa kwambiri. M'timagulu timeneti ndimo mwana aphunzira kupemphera, wofuna ubatizo adziwika makhalidwe ake, ndi wamasiye apeza womutungira madzi.

CHIYESO CHA ZAKA ZA 2000

Zonsezi zinayesedwa pamene Boma la Zimbabwe linayamba kulanda mapulazi a Azungu mofulumira m'chaka cha 2000. Pa kugawa malowo antchito a m'mapulazi, makamaka a mtundu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anapatsidwa ochepa okha, ndipo ambiri anataya ntchito ndi nyumba pa nthawi imodzi. Lamulo la unzika la chaka cha 2001 linachititsa ambiri obadwira m'dzikomo kuyesedwa alendo chifukwa cha makolo awo, ngakhale kumudzi kwa agogo awo anali asanakuoneko. M'chaka cha 2005, pamene nyumba zinagwetsedwa m'matauni pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, anthu ambiri anatayidwa pa pulazi ya Caledonia, kum'mawa kwa Harare m'mbali ya Goromonzi. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 2013 ndiwo anatsegulanso njira ya unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko oyandikana a chigawo chino.

Pa nthawi imeneyo tchalitchi chomangidwa pa pulazi chinali pa malo a eni monga komboni yomwe, ndipo pamene anthu anabalalika nyumbayo sinawatsate. Chimene chinatha kusamuka nawo ndi mphunzitsi wa katekisimu, mkulu wa mpingo, bungwe la amayi ndi buku la maina a osonkha za maliro. Pamene zinthu izi zinalipo, anthu akadatha kusonkhananso pa malo achilendo Sabata lotsatira. Pamene zonse zinkadalira bwana wachifundo kapena wansembe wodza pa galimoto, panalibe woitana anzake.

MAWU KWA A PA NTCHITO M'MATAUNI

Owerenga athu okhala m'malokeshoni ndi m'makomboni angatolepo zinthu zingapo. Wosamuka chifukwa cha ntchito atenge kalata ya mpingo wake, naipereke msanga kumene wafika, osadikira matenda kapena imfa kuti akadziwike. Makolo asasiyire sukulu yokha ntchito ya kuphunzitsa ana mapemphero, pakuti sukulu itsala pamene banja lisamuka. Wodziwa kuwerenga asakane akapemphedwa kutsogolera kagulu ka m'dera lake, ngakhale ntchitoyo ilibe malipiro. Ndalama za bungwe la maliro zilembedwe m'buku, ziwerengedwe poyera pamaso pa onse, ndipo zisasungidwe ndi munthu mmodzi. Atsogoleri a mipingo nawonso, pamene mpingo uli ndi malo, nyumba za lendi kapena sukulu, asamange thandizo lawo pa ubatizo wa munthu, chifukwa ku Chishawasha njira imeneyo inayesedwa ndi anthu akhama ndi odzipereka, ndipo ansembe a chipani chomwecho anaisiya okha.